Mpata Umene Ndinasiyira Mlongo Wanga mu Nyimbo

Anthu a kwathu kuno sadziwa kukhala chete. Ndikunena izi ndili mmodzi wa iwo, ndiye wina asati ndikunyoza. Ukapanga odi pakhomo amavomera atatu. Ukayambitsa nyimbo kumunda amakulanda pakamwa mzere woyamba usanathe. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa kwaya ya mpingo wathu kuno kunsi kwa phiri la Michesi, khalidwe limeneli linkandikomera, chifukwa mphunzitsi wa kwaya kuno sachita kupempha anthu kuti atsegule pakamwa. Linandipsetsa mtima chaka chimodzi chokha, chaka chimene ndinapeka nyimbo ya mlongo wanga.

Mlongo wangayo anali wondiponda pamutu. M'kwaya ankaimba aluto, ndipo ine ndikayambitsa nyimbo iye ndiye ankayamba kuvomera, ena onse n'kumatsata pambuyo pake. Tinazolowera tili ana popita kukatola nkhuni kuphiri, ine kutsogolo, iye kumbuyo. Sindinkachita kumuyang'ana kapena kumukwezera dzanja. Ankadziwa yekha pamene ndikapumire.

Chaka chimene mvula inagwa masiku angapo osakata, phiri linagumuka. Madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe zinatsika kunja kutacha kale, anthu akuona ndi maso. Iye anali atakwezera ana ake pachulu cha kuseri kwa nyumba, n'kubwerera kukamasula mbuzi. Basi, sanaonekenso. Tinakumba ndi makasu mpaka manja anatuluka matuza. Ena anapezeka kutali, kumadambo a mpunga olowera ku Chilwa, koma iye ayi. Manda alibe. Palibe malo amene ndingakaime n'kunena kuti mlongo wanga ali apa.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, akulu a mpingo anakonza zoti pakhale mapemphero okumbukira onse amene anapita ndi madzi, ndipo anandipempha kuti ndipeke nyimbo. Ndinalemba monga ndinkalembera nthawi zonse: ndime zinayi, kolasi yokweza, mtsinje wa Yordano, misozi yopukutidwa, zonse zija. Nditaiwerenga ndinachita manyazi. Inali nyimbo yabwino ndithu, yoti mukhoza kuimbira maliro a munthu aliyense amene simukumudziwa. Ndinang'amba pepalalo n'kusonkhezera moto.

Masana ena mvula inanditsekera pakhonde la golosale pamodzi ndi mphunzitsi wina wa kusekondale ya kwathu kuno, munthu wokonda zakunja, wosasiyana ndi foni yake. Podikira kuti mvula ikate anati, "Inu a zoimbaimba, tamverani ichi." Inali piyano yokhayokha. Timawu titatu, kubwereza, kubwereza, kubwerezanso.

"Foni yanu yadwala," ndinatero. "Yangokakamira malo amodzi."

Anaseka. Anati kunja kuli opeka nyimbo amasiku ano amene ntchito yawo ndi kuchotsa, osati kuwonjezera. Amatenga kanthu kamodzi kakang'ono n'kumakabwereza, akusintha pang'onopang'ono, ndipo pena amangosiya pali zii, dala. Ndinamuuza kuti umenewo ndi ulesi, ndipo kwathu kuno munthu wotero angafe ndi njala. Koma ndinamvera mpaka kumapeto, ndipo pamene piyano ija inkaleka, khutu langa linkatsala likudikira. Mawa lake ndikupalira chimanga timawu tija tinali tikadali m'mutu. Chimene chinandigwira kwambiri si timawuto, koma kudikira kuja. Ndinaimika khasu pakati pa mzere n'kudziwa kuti nyimbo ya mlongo wanga ndaipeza.

Inali ndi mawu awiri okha: "Kwacha, tiyeni." Ndi mmene timadzutsirana kuno popita kumunda kapena kunkhuni. Amuna aimbe mawu amenewa motsika, kenako aleke. Pamalo pamene aluto amayenera kuvomera, pasakhale wovomera. Ine ndigogode kamodzi khasu lakutha ndi msomali, tonse tiwerenge mumtima mpaka kasanu ndi katatu, kenako tiitanenso. Kasanu ndi kawiri konse. Ulendo uliwonse woimba mmodzi azileka, mpaka womaliza nditsale ndekha, ndiitane, ndidikire, tikhale pansi. Popanda kiyibodi, popanda ng'oma, popanda visekese. Mpata uja, pamene palibe wovomera, ndiwo unali manda a mlongo wanga, ndipo chimene ndinkafuna n'choti anthu aime nane pamenepo kamphindi osakhudza kanthu.

Ndinapita nayo ku kwaya Lachitatu. Nditaiimba, kunali zii pang'ono, ndipo ndinaganiza kuti andimvetsa. Kenako amayi apampando wa kwaya, mayi wa mawu amphamvu amene amagulitsa tomato pamsika wa Loweruka, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepala linalo mwaliiwala kunyumba?"

"Pepala lake ndi lomweli."

"Nanga ife amayi tiimba chiyani?"

"Palibe. Inu muzingoima."

"Kuima basi? Yunifomu tichape, tisite, tidzangoima?"

Anaseka onse, ndipo ine ndinati tiyese. Amuna anaitana, ine ndinagogoda khasu. Ndisanafike pa kachitatu powerenga, kumbuyo kunayamba kumveka kang'ung'udza, "mmm, mmm". Ndinaimitsa. Tinayambanso. Ulendo uno mayi wina anathirira mang'ombe ndi mawu akeake, "Tabwera, tabwera," anzake n'kumulandira ngati anachita kupangana. Woimba kiyibodi, bambo wamkulu ndithu wa ana asanu, ataona mpata anati mwayi ndi uwu, n'kuthamangitsa zala kuchoka kuno mpaka uko. Ndinapita n'kukazula waya pa batire. Anandiyang'ana ngati ndamulanda mbale ali pakati pa kudya.

Milungu iwiri inatha choncho. Ndinayesa kuwauza kuti aziwerenga ndi zala, ankawerenga mokweza. Ndinati agwire pakamwa, ankang'ung'udza m'mphuno. Ndinati ayang'ane pansi, mapazi n'kuyamba kuponda okha. Ngakhale tsiku limene anakwanitsa kutseka pakamwa, wina anatsokomola, wina anati "Ameni", ndipo ndikulumbira kuti wotsokomolayo chifuwa analibe. Kukhala chete kunkawayabwa ngati chitedze. Ndinakalipa mpaka mawu anandithera. Ndinawauza kuti ngakhale mbuzi imadziwa kuleka kulira ikapatsidwa msipu. Amuna awiri a besi anakwiya nazo, sabata yotsatira sanabwere, ndipo ndinachita kukawapepesa kunyumba kwawo, mvula ili pamsana.

Amayi apampando anandipatula tsiku lina titaweruka.

"Aphunzitsi, musatione ngati ndife ogontha. Munthu akaitana ife timavomera. Kuyambira tili atsikana, kumtondo, kuchinamwali, kumaliro, woyambitsa nyimbo sasiyidwa yekha. Kumusiya n'kumuchititsa manyazi. Inu mukutiuza kuti tikuchititseni manyazi kasanu ndi kawiri pamaso pa anthu."

Apa m'pamene ndinanena zimene ndinkabisa. Lachitatu lotsatira ndinaima kutsogolo n'kuwalozera pa benchi yachiwiri, kumapeto, pamene mlongo wanga ankaima. Ndinati, "Mpata umenewu ndi wake. Ndi wa iye ndi onse amene sitinawapeze. Mukaimbapo mwaima pamalo pake. Ndikukupemphani, musaimepo." Mawu anga ananjenjemera, ndipo zinandinyansa, chifukwa sindinkafuna kuti akhale chete pondimvera chisoni. Ndinkafuna amve okha kuti nyimboyo ikukoma choncho. Koma analira, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpata uja anayamba kuusiya.

Akulu a mpingo atamva anati nyimboyo ijambulidwe, kuti abale amene ali ku Blantyre ndi ku Joni adzaimve pa foni. Pamsika wathu pali situdiyo imodzi yokha, kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsalu, makoma ake omatidwa makatoni a mazira. Mwini wake ndi bambo wachisilamu, waulemu kwambiri, amene amajambula makwaya onse a kuno, ndipo Lachisanu masana amatseka n'kupita kumzikiti. Tinapanikizana mmenemo anthu oposa amene chipindacho chingalandire, thukuta lili kamukamu, ndipo tinaimba bwino kuposa tsiku lina lililonse. M'mipata muja munkamveka kupuma kwa anthu basi. Ndinamuuza kuti asakhudze kanthu. Anati, "Musadandaule, aphunzitsi, ndikukonzerani bwinobwino." Ndinayenera kuchita mantha ndi mawu amenewo.

Patatha masiku atatu ndinapalasa njinga m'matope kukatenga. Anandikhazika pampando wabwino, n'kukweza sipika, akumwetulira ngati munthu amene wakuphera nkhuku. Chinayamba ndi ng'oma za pakompyuta, du du du. Kenako kiyibodi, kenako malipenga. Mawu athu anabwera akuthamanga, "Kwacha tiyeni, kwacha tiyeni, kwacha tiyeni," ophatikizana ngati njerwa. Mipata yonse inali itapita. Khasu langa analichotsa, akuti linkamveka ngati wina wagwetsa supuni.

"Mwachita chiyani, bambo?"

"Munali mabowo, aphunzitsi. Ndatseka."

"Mabowowo ndiye nyimboyo!"

Anandiyang'ana modabwa, koma sanakwiye. Anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana kuwoloka msewu, kuti nyimbo ikakhala chete pa foni munthu amaganiza kuti batire yatha kapena khadi yawonongeka, ndiye amadumphira ina. Anati m'minibasi palibe angaiike. Anati iye ali ndi dzina loti aliteteze, anthu asamanene kuti situdiyo yake imatulutsa nyimbo zodukaduka. Ndinati chabwino, ndipatseni ija tinaimba ija mmene inalili. Anakanda m'mutu. Anali atadula pa yomweyo, ndipo ina yosunga panalibe, chifukwa kompyuta yake ndi yodzaza.

Zimene ndinanena m'chipinda muja sindingazilembe pano, ndine munthu wa mpingo. Chondiwawa kwambiri n'choti za mafonizo sankanama. Ndinatuluka osatenga kanthu, ndipo njinga ndinachita kuikankha mpaka kunyumba.

Tsono panatsala mwayi umodzi wokha, tsiku la mapemphero lenilenilo. Ndinauza kwaya kuti kujambulanso ayi. Nyimboyi idzamveka kamodzi, mmene ndinaipekera, ndipo zikatero mtima wanga udzakhala pansi.

Tsikulo kunacha bwino, dzuwa litatuluka pambuyo pa mvula ya masiku awiri. Anthu anachuluka moti tchalitchi chinachepa, tinachitira panja pansi pa mitengo ya mango. Anabwera a mipingo yonse, Asilamu a pamsika, ndi a kutsidya kwa mtsinje amene anataya abale awo tsiku lomwe lija. Zolankhula zinatalika monga mwa masiku onse. Aliyense woimirira ankati sachulutsa mawu, kenako n'kuchulutsa. Kutsogolo pamphasa panakhala azimayi oferedwa, ndipo pakati pawo panali mayi anga. Iwo ndi munthu wouma mtima, wolankhula Chilomwe kwambiri kuposa Chichewa, ndipo chichitikireni ngozi ija anali atasiya kuimba, ngakhale kutchalitchi ankangokhala duu. Za nyimboyi sindinawauze. Ndinkaona ngati palibe chowauza, poti iwo ndiwo anali chete kale kuposa tonse.

Nthawi yathu itakwana tinaima. Amuna anaitana, "Kwacha, tiyeni." Ndinagogoda khasu. Ndipo kunali zii. Gulu lonse lija, anthu a kwathu omwe aja osadziwa kutseka pakamwa, anangoti kukamwa yasa, kudikira. Tinaitana kachiwiri, woimba mmodzi ataleka. Zii. Ndinamva madontho akugwa m'masamba a mango, ndi njinga ikudutsa kumsewu. Mumtima ndinati, ndi pano, mlongo wanga ali pano, ndamupezera malo.

Tinaitana kachitatu. Ndinagogoda khasu. Ndinawerenga kamodzi, kawiri.

"Ndabwera, ndabwera."

Anali mawu okalamba, osasa, koma olunjika bwinobwino pamzere wa aluto, pamene mlongo wanga akanalowera. Ndinatembenuka maso ali psuu kuti ndione wandichita chipongweyo. Anali mayi anga. Sanandiyang'ane n'komwe. Anali atakhala tambalale pamphasa paja, maso ali kuphiri, akuvomera.

Zotsatira zake mukhoza kuzidziwa nokha. Azimayi a pamphasa anawalandira. Kenako a kumbuyo. Kenako kwaya yanga, amayi apampando kutsogolo, misozi ili chuchuchu, akundiyang'ana m'maso opanda ndi manyazi omwe. Amuna aja anapitiriza kuitana osadikira khasu langa, ndipo m'malo moti mawu azichepa ankachuluka. Ng'oma inatulukira kumene sindikudziwa. Nyimbo yoitana kasanu ndi kawiri inaitana mwina makumi angapo, anthu akuwomba m'manja, ena akugwa pansi ndi kulira. Ine ndinangoima ndi khasu lakutha m'manja ngati munthu amene wasochera kumunda kwa eni. Mzere wanga womaliza, uja woitana ndekha, sunafike.

Titamaliza anthu anandiunjirira. Abusa anandigwira dzanja ndi manja awiri. Mwini situdiyo uja anabwera n'kunena kuti, "Mwaona, aphunzitsi? Ikadzaza imakoma." Aliyense ankati sindinapekepo nyimbo yoposa imeneyi. Ndinkangogwedeza mutu, mano nditaluma. Pano nyimboyo ikuimbidwa m'maliro kuyambira kuno mpaka ku Mkhumba, ya ng'oma, ya makolasi amene ine sindinalembe, ndipo amati ndi yanga. Ikayamba ine ndimatuluka kukaima panja.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinapita kwa mayi. Ndinawapeza pakhonde akusadzula nkhwani, ana a mlongo wanga atapita kumjigo. Sindinakhale pansi.

"Amayi, mwandiwonongera nyimbo."

Sanadzutse mutu. Ndinafotokoza zonse, za mpata, za milungu imene ndinavutika ndi kwaya, za situdiyo, zoti malo aja ndinasiyira mwana wawo chifukwa manda alibe. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndipo mawu ndinakweza kuposa mmene mwana amayenera kukwezera kwa mayi ake.

"Iwe," anatero, "unkaitana yani?"

"Mukudziwa."

"Ndiye pamaso pa anthu onse aja, iwe uziitana, mwana wanga osakuvomera? Koyamba ndinapirira. Kachiwiri ndinapirira. Mwana uja ndinalera ine. Sanasiyepo munthu ataima pakhomo akuitana, ngakhale akudwala. Ukufuna anthu azimukumbukira ngati wamwano?"

"Koma sangavomere, amayi. N'zimene ndinkafuna anthu amve, kuti sangavomerenso."

Apa anasiya nkhwani zija n'kundiyang'ana koyamba.

"Amve? Alipo amene sakudziwa? Ine m'mawa uliwonse ndimatuluka pakhomo pano, ndimayang'ana pamene panali nyumba yake, pakamwa pamatseguka pokha kuti ndimuitane. Chete wakoyo ndimamumva ndekha tsiku ndi tsiku, chaka chathunthu. Lero ndinati ndikakhale pakati pa anthu, ndipumeko. Iwe wamunyamula n'kukandiikira pomwepo."

Ndinafuna kuyankha. Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, oti nyimbo ndi nyimbo, oti kawiri kaja anthu anamva chinthu chimene sanamvepo. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti nyimboyo inali bwino mmene ndinaipekera, ndipo zimandiwawa kuti sindidzaimva mpaka kumapeto. Koma milungu yonse ija ndinkawerenga mpaka kasanu ndi katatu, sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti mayi anga adzakhala kutsogolo pamphasa akuwerenga nawo.

Anabwerera ku nkhwani zawo. Ndinaimabe pang'ono, kenako ndinakhala pansi pamwala wa pakhonde.

"Ana aja akubwera," anatero. "Pukuta kumaso."